Tsiku Limene Ndinakonza Lilime la Ababa

Ndinali ndi zaka khumi, mwina khumi ndi chimodzi, pakuti kwathu ku Chowe zaka za mwana sankazilemba papepala. Ankangokuuza kuti dutsitsa dzanja pamutu ugwire khutu la mbali inayo, ukaligwira ndiye kuti wakula. Langa ndinali nditaligwira kalekale. Ndinali Sitandade 3, ndinali ndi sileti yangayanga, ndinali ndi diresi yabuluu, ndipo m'mudzi monse mtsikana wopita kusukulu ya mishoni ndinali ine ndekha, Patuma mwana wa Che Saidi. Ee, ndinkayenda monyang'wa ngati nkhanga!

Ababa anali a geni ya nsomba. Ankatsika kunyanja ndi njinga yawo, kumanga dengu la usipa ndi utaka wouma, kukankha phiri lonse mpaka ku Namwera, nthawi zina kudumpha malire kulowa kwa Apwitikizi. Pobwera malaya awo ankanunkha nsomba ndi fodya wa eni ake, pakuti iwo sankasuta. Zilembo za kusukulu sankazidziwa, koma makutu, makutu anali nawo! Chiyao chawo, Chinyanja cha pamsika, Chiswahili cha agogo awo amene ankayenda pansi mpaka kunyanja yamchere, ndi Chipwitikizi chokwanira kutsutsana nacho mtengo.

Koma pamudzi paja iwo anali mkamwini. Kwathu bambo amabereka, koma mwini mbumba ndi mjomba, mlongo wa amayi. Amjomba anga anali Che Bwanali, munthu wamtali, wa ndevu zosongoka, wosaseka pachabe. Iwo za sukulu ya mishoni sankazifuna ngakhale kuzimva. Ankati kumeneko mwana amapita wathu n'kubwerako wa eni. Ababa anawapempha chaka chathunthu, kuwagwadira munthu wamkulu ndi ndevu zake, mpaka amjomba anatopa n'kulola. Koma anaikapo lamulo, amayi ali pomwepo, ine ndikumvera kuseri kwa nkhokwe.

"Alamu, ndalola. Koma tsiku limene mwanayu adzabweretse mwano wa kusukulu pakhomo pano, sukuluyo yathera pomwepo."

Ababa anavomera. Ndicho chinthu chimodzi chokha chimene anapambana pamudzi paja moyo wawo wonse, sukulu yanga.

Aphunzitsi athu tinkawatcha a Rula, chifukwa rula sinkachoka m'manja mwawo, ankalozera nayo, ankakandira nayo msana, ankatimenyera nayo. Ine ndinkawakonda. Musadabwe, ndinkawakonda zedi! Ndi iwo anandiuza kuti mutu wanga ndi wopepuka, ndikalimbikira ndidzavala zoyera m'chipatala. Tsiku lina anabwera ndi timapepala titatu topindapinda, muli mchere, muli sopo, muli tina toyera tonyezimira. Linali phunziro la Chingerezi. Ananyamula kachitatuko n'kufunsa kuti ichi n'chiyani. Ine dzanja m'mwamba, chala chikulira thwa thwa thwa, mtima ukuvina.

"Sukari!"

Kalasi yonse gwedeee ndi phwete. Ambiri anali ana a asodzi achikhristu ndi ana a antchito a pamishoni, kwawo ankati shuga. A Rula anandiitanira kutsogolo.

"Sukari ndiye chinyama chanji? Mawu ake ndi sugar, ife timafewetsa kuti shuga. Chinthuchi n'cha Azungu, dzina lake n'la Azungu. Anthu akwanu anamva Mzungu akulankhula, lilime linawalemera, n'kuwaswa mawuwo ngati mphika. Tambasula dzanja."

Rula inalira katatu pa mfundo za zala. Kenako anandiuza kuti ndinene shuga, shuga, shuga mpaka atandiletsa. Ndinanena misozi ikulowa m'kamwa. Koma tamverani za mwana: sindinawakwiyire a Rula. Ndinachita manyazi ndi kwathu. Njira yonse yobwerera ndinkaganiza kuti kalanga ine, ababa akhala akulakwitsa zaka zonsezi pamaso pa anthu, popanda wowauza. Ndinaona ngati ndanyamula mphatso.

Lachisanu lake, amuna atatuluka mumzikiti, anabwera kudzakhala pakhonde pathu monga ankachitira. Panali ashehe, panali amjomba, panali akuluakulu ena awiri, mikanjo yoyera mbee, nkhwayira zili ndandanda kunja kwa mkeka. Ntchito yanga inali kupereka tiyi. Mwambo wake mtsikana amafika chowerama, kugwada, kuika thireyi pansi, maso pansi, pakamwa potseka, n'kubwerera chammbuyo. Ndinaudziwa bwino, amayi anali atandiphunzitsa ndili wamng'ono. Ndinagwada, ndinaika. Ababa anasuzumira pathireyi n'kunena mofatsa.

"Patuma, waiwala sukari."

Ndipo ine, ine ndemwe, ndili chigwadire, ndinadzutsa mutu.

"Ababa, musamati sukari. Ndi shuga. Aphunzitsi akuti anthu akwathu munaswa mawu a Azungu chifukwa lilime lanu ndi lolemera."

Mayo! Mpaka lero ndikakumbuka thupi limachita tsembwe. Nkhuku inali kutolatola pabwalo, ndinamva mlomo wake ukugogoda pansi. Ashehe anayang'ana kudenga n'kunong'ona asitaghafirullah. Kukhitchini amayi anagwetsa chikho. Ababa dzanja linauma m'malere, likulozabe pathireyi. Amjomba okha ndiwo anasuntha. Anaika kapu pansi pang'onopang'ono, anapukuta ndevu.

"Alamu, mwamva? Sitandade 3 yokha, akukukonzani lilime. Akadzafika 6 adzakuuzani koyang'ana poswali."

Ine ndinadabwa kuti palibe wandithokoza.

Ndinadikira ndodo, ndodo sinabwere. M'mawa mwake ababa anamasula dengu panjinga n'kuyala chiguduli pakaliyala. "Kwera." Tinatsika phiri, mphepo ikulira m'makutu. Tinaoloka Shire pabwato, njinga itagonekedwa pakati. Aka kanali koyamba ine kuponda pa Boma. Nthawi imeneyo sitolo za Amwenye zinali zikadalipo. Tinalowa mu ina, yamdima, yonunkhira nsalu zatsopano, palafini ndi zokometsera ndiwo zimene sindinkazidziwa. Kuseri kwa kauntala kunali mayi wachimwenye wonenepa, wa ndolo pamphuno ngati chipini cha agogo anga. Ababa ankadziwana naye. Analoza botolo lalikulu lagalasi, momwe munali timiyala toyera tooneka mkati.

"Mama, tamuuzani mwanayu. Ichi pachikwanu mumati chiyani?"

"Sakar," anatero mayi uja, akuseka. Anatsegula botolo, anatola kamwala kamodzi n'kundiika m'dzanja. "Idya. Tseketseke."

Tili panja, ababa ananjuta kuti maso athu alingane.

"Wamva? Amwenye amati sakar. Aluya amati sukar, ukafunse ashehe. Apwitikizi kuseri kwa Namwera amati asuka, ndamva ndi makutu angawa. Kodi onsewa lilime lolemera? Agogo anga analawa chinthu ichi kunyanja yamchere Mzungu asanaponde kuno, ndipo anabwera nalo dzina. Ine buku ndilibe, mwanangu, koma miyendo ndili nayo. Mawu ali ngati ife a geni, amagona m'midzi yambiri."

Mukuganiza kuti ndinamva? Ha! Ndinayankha kuti, "Onsewo anamva kwa Azungu." Pakuti a Rula anali ndi buku, buku lalikulu lachikuto chofiira, ndipo ababa anali ndi njinga yonunkha usipa. Ndani akanapambana m'mutu mwa mwana?

Kenako ababa anandiuza chimene anali atapempha kwa amjomba, atawagwadiranso kachiwiri. Lachisanu likudzalo ndidzaperekenso tiyi kwa anthu omwe aja. Ndidzagwade, ndipepese, ndipo poika pansi chitini chimene ndinaiwala chija ndidzanene kuti sukari nayu. Basi. Mawu awiri okha, Lolemba ndibwerere kusukulu.

Kamwala kaja sindinadye. Ndinakafumbata njira yonse, pabwato, paphiri pamene tinkakankha njinga dzuwa lili paliwombo. Kanasungunuka ndi thukuta. Pofika kunyumba m'dzanja munangotsala zomata, ndipo ndinakasamba msanga kuti nyerere zingandiulule.

Lachisanu linafika. Mikanjo yomwe ija, mkeka womwe uja. Amayi anandimanga mpango, akundinong'oneza kuti Patuma, chonde, Patuma. Ndinafika chowerama. Ndinagwada. Ndinapepesa bwinobwino, kuti ndinalakwa kuyankhula pamaso pa akuluakulu, ndipo ashehe anagwedeza mutu mokondwa. Ndinanyamula chitini ndi manja awiri. Ababa anali atatseka maso. M'khutu mwanga munkalira rula, munkalira kuseka kwa kalasi yonse, munkalira zoyera za m'chipatala. Ndinaganiza kuti munthu wophunzira sanena bodza. Ndinaika chitini pansi.

"Shuga nayu."

Amjomba sanakalipe. Anangotembenukira kwa ababa n'kutambasula manja, ngati munthu woonetsa kuti m'thumba mulibe kanthu. Sileti yanga amayi anaisandutsa chovundikira mtsuko. Chaka chotsatira ndinalowa ku nsondo, chinamwali chathu cha atsikana, ndipo pasanathe zaka zambiri ndinakwatiwa kumunsi kuno, kufupi ndi Boma. Zilembo zimene ndikulemba nazo izi ndi zomwe zija za Sitandade 3, zopindika ngati mbedza, mdzukulu wanga ndiye akundiwongolera.

Ababa ndinkawakonda, musandimve molakwa. Ndinawadwazika, ndinawamwetsa phala mpaka tsiku lawo lomaliza. Koma pansi pa mtima panali kamwala kena, kosasungunuka. Ndinkati sukulu yanga inafera mawu olakwika, ndinavutika chifukwa chonena zoona. Pakhomo panga mawu oti sukari sanamvekepo. Ana anga asanu ndi mmodzi anakula akuti shuga. Ababa akabwera kudzacheza ndinkawathirira tiyi, ndinkawaikira chitini pafupi, osatchula dzina lake. Nawonso sanalitchulenso pamaso panga. Ankangoloza.

Tsono tamverani chimene chandichititsa kugwira pensulo ndi ukalamba uno.

Ine tsopano ndili ndi matenda a shuga. Ee, sekani, nanenso ndinaseka! Mwezi ndi mwezi ndimapita kuchipatala kukabayitsa chala. Mwezi wathawu anandiperekeza mdzukulu wanga Sauda, wa Folomu 4, amene foni sichoka pamphuno pake. Tinakhala pabenchi, mzere wautali, amayi okhaokha a miyendo yotupa, tonse osadya kanthu chifukwa amafuna magazi a munthu wanjala. Ndinamudzudzula.

"Iwe, wabwera kudzandidwazika kapena kudzadwazika foniyo?"

"Ndi za kusukulu, agogo. Atiuza kuti aliyense asankhe mawu amodzi a Chingerezi, afufuze kumene anachokera."

"Anachokera kwa Azungu. Pamafunikanso foni pamenepo?"

"Ayi, akuti ambiri ndi obwereka. Tandipatsani amodzi, ndasowa osankha."

Ndinayang'ana kabuku kanga ka kuchipatala kali pamwendo. "Funsa awa andikhazika pabenchi panowa. Koma ndikuuziretu, amenewo ndi awoawo enieni. Ine ndinawalipirira."

Anadinadina, anayamba kuwerenga, akumasulira m'Chichewa pang'onopang'ono. Akuti Angerezi mawuwo anawatenga kwa Afalansa, amene ankati sukre. Ndinati chabwino, Mzungu kwa Mzungu mnzake. Akuti Afalansa anawatenga kwa Ataliyana ndi kwa olemba Chilatini. Ndinati eya, m'banja momwemo. Akuti koma iwowo anawalandira kwa Aluya, pamodzi ndi katundu wake, ndipo pa Chiarabu amati sukkar.

"Bwereza."

"Sukkar, agogo."

Benchi ija ndinamva ngati yapendekeka. Mwana uja osadziwa kanthu, akungopitiriza. Akuti Aluya nawonso anawatenga ku Perisiya, kumene amati shakar. Ndipo a ku Perisiya anawatenga ku India, m'chiyankhulo chakalekale chotchedwa Chisansikiriti, mmene ankati sharkara. Ndipo akuti poyambirira penipeni mawuwo ankatanthauza timiyala, tinsangalabwi, chifukwa anthu a kumeneko ataphika madzi a nzimbe n'kuwaumitsa, chotulukacho chinaoneka ngati timiyala.

Timiyala! Dzanja langa lamanja linadzifumbata lokha. Ndinamva kununkhira kwa palafini ndi nsalu zatsopano, ndinaona ndolo ya pamphuno, ndinaona botolo lagalasi. Zaka zoposa makumi asanu zinagwa pansi ngati chitenje chosamanga bwino.

"Nanga sukari?" Ndinamugwira mkono. "Funsa sukari."

"Alipo apa. Akuti ndi Chiswahili, chinachokera ku Chiarabu chomwecho. Sanadzere kwa Angerezi ayi. Agogo, mwatani?"

Ndinakuwa. Ndikuuzani zoona, ndinakuwa pakati pa chipatala! "Subuhanallah! Ababa! Ababa inu!" Amayi a pabenchi anabalalika. Namwino anatuluka chothamanga ndi makina ake, akuti gwirani agogowo, shuga watsika. Ine ndikuti sanatsike mwanangu, wakwera, wakwera mpaka ku India! Anandimanga chija cha pamkono, anapopa, anayang'ana nambala, anandiyang'ana ine.

"Agogo, mwakangana ndi ndani m'mawa uno?"

"Ndi bambo anga."

"Ali kuti?"

"Anamwalira iwe usanabadwe. Ndipo apambana."

Ndinawafotokozera onse pabenchi paja, misozi ikutsika, kuseka kukutuluka, zonse pakamwa pamodzi. Mayi wina wa ku Katuli anawomba m'manja n'kuti kwawo mpaka lero agogo ake amati sukari, adzukulu amawaseka. Wina wachikhristu, wa mpango wa chigwirizano, anagwira pakamwa n'kuti, "Ndiye kuti ife tinkaseka achimwene ake a mawu athu omwe?" Ndinati eetu amayi, mbumba imodzi! Agogo awo ali ku India. Mwana wina anakwera chombo ndi Aluya, anatsikira kunyanja yamchere, anayenda pansi pamitu ya makolo athu mpaka ku Chowe. Wina anazungulira kwa Azungu, anakavala jekete, anabwera mochedwa ndi buku m'khwapa. Atakumana pakhonde pathu sanadziwane, ndipo amene anawayambanitsa ndine.

Masiku atatu sindinadye bwino. Ndinkangoti ndikakhala, ha! Ndikaimirira, ha! Paja amati mawu a akuluakulu akoma akagonera, koma awa anagonera mpaka mwini wake anagona. Munthu anandikweza panjinga, kunditsitsa phiri, kundiolotsa mtsinje, kundiika umboni m'dzanja, ine n'kuusungunula ndi thukuta. Anali ndi mzere wonse m'mutu, India, Aluya, Apwitikizi, wopanda foni, wopanda chikuto chofiira. Anauyenda ndi miyendo.

A Rula sindiwatukwana. Ananena chimene ankaganiza, ndipo m'masiku amenewo tonse tinkakhulupirira kuti chilichonse chotsekemera chinabwera ndi Mzungu. Amjomba sindiwayeretsa. Kutseka tsogolo la mwana chifukwa cha mawu awiri kunali kuuma mtima, ndipo n'chifukwa chake ana anga aakazi onse ndinawakankhira kusukulu, wofuna ndi wosafuna. Koma chimene ndachiona tsopano, ndi maso okalambawa, n'chakuti ine sindinavutike chifukwa chonena zoona. Ndinavutika chifukwa ndinkayesa kuti zoona zimakhala m'nyumba imodzi yokha, ya malata, ya choko, ndipo munthu wonunkha usipa sangazisenze. Ndinayesa munthu ndi fungo la malaya ake. Ndipo munthuyo anandigwadira kawiri kwa mlamu wake.

Kumanda ife akazi sitipita, ndiye sindikanatha kukaima pamutu pawo n'kuwauza. Ndinachita chimene ndikanatha. Lachisanu lapitali ndinagula masamba a tiyi ndi mkaka, ndinakazinga mandasi, ndinaitana ashehe a pamzikiti wathu ndi akuluakulu a m'dera lino kuti adzawachitire ababa duwa, pemphero lathu lopempherera omwalira. Ndinayala mkeka pakhonde. Ana anga ankafuna kupereka okha tiyi, akuti amayi maondo anuwo. Ndinawakaniza. Ndinamanga mpango, ndinanyamula thireyi, ndinafika chowerama. Kugwada kunanditengera nthawi, maondo analira ngati nsungwi, Sauda anandigwira kukhwapa. Koma ndinafika pansi.

Ndinanyamula chitini ndi manja awiri. Anthu aja sankadziwa chifukwa chimene nkhalamba ikulirira pa chitini. Ndinachiika pamkeka, maso pansi, monga anandiphunzitsira amayi.

"Sukari nayu."

Anathira, anatakasa, masipuni analira ngati timabelu. Ine m'kapu yanga munali tiyi yekhayekha, adokotala analetsa, ngakhale kambewu kamodzi. Ndinamwa tiyi wowawa uja mpaka pansi, ndipo nthungululu inandituluka yokha, ashehe anachita kudzidzimuka.